Nazo nyenyezi zachichepere zimatuluka ziphuphu

Mukapita kumudzi ku Magodi, kwa Lundazi, pa holide ya Disembala, tulukani panja usiku mitambo ikachoka. Kulibe malaiti ambiri monga mu Lusaka, ndiye Nsangwe zimaoneka bwino maningi. Kufupi nazo kuli nyenyezi ina yotchedwa T Tauri, yosaoneka ndi maso chabe, imafuna telesikopu. John Russell Hind ndiye anaipeza mu 1852, ndipo kuwala kwake kumakwera ndi kutsika.

Osasokoneza ndi kuphethira kumene mumaona nyenyezi zikuchita. Uko ndi mphepo chabe ya mumlengalenga mwathu muno.

Manje nkhani ili apa. Nyenyezi za mtundu wa T Tauri ndi ana, zambiri sizinakwanitse zaka 10 miliyoni, pamene dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni. Zimazungulira mothamanga, kamodzi pa masiku ochepa, pamene dzuwa limatenga pafupifupi mwezi. Liwiro limeneli limakulitsa mphamvu ya maginito, imene imatsekereza kutentha kochokera mkati. Malo otsekedwawo amazizirako n'kuoneka akuda, ngati ziphuphu pankhope ya mwana wa sekondale. Mbali ya mawanga ikayang'ana kuno, nyenyezi imazimirirako, ikatembenuka, yawalanso. Akatswiri amawerenga masikuwo n'kudziwa liwiro lake.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Dzuwa limene limakhwimitsa chimanga cha ku Magodi linadutsa mu msinkhu umenewu dziko likuumbika. Mpaka lero lili ndi mawanga, amene amachuluka pa zaka 11 zilizonse. Koma chonde, osaliyang'ana kuti muwaone. Mudzaononga maso.