KUJAMBULA MITSEMPHA POFUFUZA COTUPA CA M'KAPAMBA

Kuseri kwa cifu kuli ciwalo cotalika pafupifupi masentimita 15 cimene a cipatala amaciti pancreas. Ambiri amacichula kuti kapamba, koma ncosiyana ndi kapamba amene amatupa munthu akadwala malungo. Nchito yake ndi kupanga madzi ogaya cakudya ndiponso insulin, imene imacepetsa shuga m'magazi.

Cotupa cikamera m'ciwalo cimeneci sicioneka msanga cifukwa ciwaloco cili mkati kwambiri. Cikatseka njira ya ndulu, maso amasanduka acikasu, mkodzo umada ngati tiyi, cimbudzi cimayera ndipo thupi limayabwa. Wodwala amaonda, ndipo ululu wa m'mimba umafika kumsana. Ena amayamba matenda a shuga mwadzidzidzi atakalamba kale.

Cifukwa cojambulira mitsempha

Pafupi ndi kapamba pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita kuciwindi ndi kumatumbo. Dokotala asanacite opaleshoni ayenera kudziwa ngati cotupa cagwira mitsemphayi. Ngati caikulunga kwambiri, kucidula nkovuta, ndipo amayamba ndi mankhwala a khansa. Mwa odwala asanu a khansa imeneyi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapezeka nthawi ya opaleshoni isanapite.

Kujambula kumeneku amakuti angiography. Anakuyamba ndi Egas Moniz wa ku Portugal mu 1927, ndipo mu 1953 Sven Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yolowetsera kapaipi mumtsempha popanda kung'amba. Masiku ano odwala ambiri amajambulidwa ndi makina a CT: mankhwala amadzi okhala ndi ayodini amalowetsedwa mumtsempha wa pamkono, ndipo mitsempha imaoneka yoyera pacithunzi.

Njira ya kapaipi imagwira nchito makamaka pofunafuna kacotupa kakang'ono kotulutsa insulin yocuruka, ndi pociza. Dokotala amabaya jekeseni wocititsa dzanzi pamwamba pa nchafu, nalowetsa kapaipi kopyapyala mpaka kukafika pa mitsempha ya m'mimba. Kupyolera m'kapaipiko angatseke mtsempha umene ukukha magazi, kapena umene ukudyetsa zotupa zina zimene zafalikira kuciwindi.

Zoyenera kudziwa wodwala

Impso zimapimidwa coyamba, popeza ndizo zimacotsa ayodini m'thupi. Wodwala auze dokotala ngati ali ndi pakati, ngati amamwa metformin kapena warfarin, kapena ngati mankhwala ojambulira anamuwengapo kale. Asadye kwa maola amene wauzidwa. Kumva kutentha m'thupi mankhwala akamalowa nkwa kanthawi cabe. Akacotsa kapaipi, agone cagada osapinda mwendo kwa maola 4 mpaka 6, ndipo amwe madzi ambiri. Pabala pakatupa kapena kutuluka magazi, kapena phazi likazizira, aitane anamwino msanga.

Kupima kotere sikucitika pa kiliniki ya m'komboni. Kumafuna kalata yotumiza wodwala ku cipatala cacikulu, ndipo opezeka ndi khansa amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Fodya amaonjezera ngozi ya khansa imeneyi, ndipo mowa wambiri umaononga kapamba. Cikasu cili ndi zoyambitsa zambiri, ndipo zina zimacizika bwino. Munthu wamkulu maso akasanduka acikasu, a m'banja asacedwe ndi mankhwala a malungo ogula pa kantemba. Amutengere ku kiliniki tsiku lomwelo.