Mawu Achingerezi Onena za Ukalamba ndi Zinthu Zakale

Liwu lakuti "old" limaoneka lapafupi, komabe lapunthwitsa omasulira ambiri. Chicheŵa chimasiyanitsa munthu wokalamba, chovala chakutha ndi mwambo wakale, pamene Chingerezi chimasenzetsa zonsezi liwu limodzi. Nthaŵi zina liwuli silinena za ukalamba n'komwe. Mwana amene ali "three years old" ngwa zaka zitatu basi, ndipo "old friend" si bwenzi la imvi ayi, koma lija limene ubwenzi wake unayamba kalekale. Womasulira akalemba kuti "bwenzi lakale", woŵerenga angaganize kuti ubwenziwo unatha, chonsecho tanthauzo limenelo ndi la liwu lina, "former".

Ponena za anthu, "elderly" ndi liwu laulemu, lolingana ndi "achikulire", pamene "aged" amatanthauza wokalamba kwenikweni. "Elder" amangoyerekeza kubadwa: "elder brother" wa mnyamata ndi mkulu wake, ngakhale mkuluyo akhale wa zaka 10 zokha.

Pa zinthu mpofunika kusamala koposa. "Ancient" ndi chamakedzana. Olemba mbiri ya ku Ulaya kaŵirikaŵiri amati nyengo yamakedzana inatha m'chaka cha 476, pamene mfumu yotsiriza ya chigawo chakumadzulo cha ufumu wa Roma inachotsedwa pampando. "Antique" ndi chinthu chimene ukale wake waukweza mtengo, ndipo amalonda ambiri amafuna kuti chikhale chitakwana zaka 100. Kumasulira liwuli kuti "chakutha" n'kutembenuziratu tanthauzo.

Mawu aŵiri amene akonzi a mabuku otanthauzira mawu sayenera kuwasokoneza ndiwo "archaic" ndi "obsolete". Liwu likakhala "archaic" ndiye kuti linachoka m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku koma likumvekabe m'mapemphero ndi m'ndakatulo, monga "thou" ndi "thee" a m'Baibulo la King James la 1611. Likakhala "obsolete" ndiye kuti anthu analisiyiratu.

Aphunzitsi nawonso achenjere ndi dzina lakuti "Old English". Ambiri amalipereka ku Chingerezi cha William Shakespeare, amene anamwalira mu 1616, pongoona kuti n'chovuta. Kumeneku n'kulakwitsa. Dzinali ndi la chiyankhulo cha m'ndakatulo ya Beowulf, chimene chinkayankhulidwa ku England mpaka cha m'ma 1100, ndipo Mngerezi wa lero sangachimve popanda kuchiphunzira.