Mbale za ku komboni: nyimbo za ana a machona zikuwonongeka popanda wozisunga

Ku Britain kuli anthu amene satopa kusaka mbale zakale za hip hop ya kwawo. Amafunafuna ya Newtrament ya 1983, kapena chimbale cha London Posse cha 1990 chotchedwa Gangster Chronicle, ndipo akachipeza amachisunga m'chikuto chake, n'kulemba pa intaneti chaka chomwe chinatuluka ndi dzina la kampani yomwe inachitulutsa. London Posse amaikonda chifukwa anyamata ake anakana kutsanzira kalankhulidwe ka ku New York, n'kumayimba monga momwe ankayankhulira m'misewu ya London.

Nafe tili ndi mbale za mtundu umenewo, zoyimbidwa ndi ana athu m'chiyankhulo chathu m'dziko la eni. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi palibe amene akuzisaka mwakhama.

Nkhaniyi ikuyambira m'mafamu a fodya, chimanga ndi malalanje a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, m'madera monga Mazowe, Bindura, Shamva, Mvurwi ndi Marondera. M'nthawi ya atsamunda amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ankalowera kumeneko, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Anakwatira komweko, anabereka komweko, anatsegula madambwe komweko. Mpaka lero Gule Wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, amatuluka m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi. Pofika chaka cha 2000 mafamu akuluakulu oposa 4,000 anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu la iwo linali ndi mizu ku Malawi, Mozambique kapena Zambia.

Moyo wa pa komboni unali wa thukuta, ndipo chisangalalo chinkabwera kumapeto kwa mwezi. Amene anakulira kumeneko amakumbukira wayilesi ya Supersonic, yopangidwa ku Bulawayo, yokhala ndi poyikapo mbale pamwamba, ikutulutsidwa panja dzuwa likapendeka. Mwini wake yekha ndiye ankagwira singano. Mbale ankaigwira m'mbali ndi nsonga za zala, kuiwuzira, kuipukuta ndi kansalu, kenaka n'kuikhazika. Mabatire akafooka nyimbo inkayamba kukokeka, oyimba n'kumamveka ngati akuwodzera, ndipo wina ankathamangira ku sitolo ya pa famu. Mbale yoyiwalidwa padzuwa inkapindika, ndipo imeneyo inali nkhani yoyambanitsa anthu.

M'makomboni amenewa ndi momwe munakulira ena mwa akatswiri a nyimbo za sungura. Nicholas Zakaria anabadwira ku Mazowe mu 1956, bambo ake ali Mmalawi. Gulu lake la Khiama Boys linasula oyimba ambiri mwakuti anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer. Mwa osulidwawo munali System Tazvida ndi Alick Macheso. Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968, nayenso bambo ake anali ochokera ku Malawi, ndipo anakula akudziwa ntchito ya pa famu. Atachoka ku Khiama Boys anayambitsa Orchestra Mberikwazvo, natulutsa Magariro mu 1998. Chimbale chake cha Simbaradzo cha mu 2000 chili m'gulu la zimbale zomwe zinagulidwa kwambiri m'mbiri ya Zimbabwe, ndipo imodzi mwa nyimbo zake zotchuka, Mundikumbuke, ndi ya m'Chichewa. Palinso abale awiri, Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke, nawonso a magazi a ku Malawi. John Chibadura, yemwe anamwalira mu 1999, anabadwira ku Bindura kwa makolo ochokera ku Mozambique.

Apa ndi pofunika kuima pang'ono. Anthu amenewa ankanyozedwa. M'matauni ankawatcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndipo ankati ndi anthu opanda mfunda, opanda kwawo. Ana ambiri ankabisa chiyankhulo cha makolo awo akafika ku sukulu. Ndiye taganizirani mwana wa pa famu akuimika gitala ya besi patsogolo pa gulu, n'kuyimba m'Chichewa, dziko lonse kuyambira Mutare mpaka Bulawayo n'kumavina ndi kutsatira mawu omwe dzulo lake linkawaseka. Imeneyi si nkhani ya dansi chabe. Anthu omwe mayina awo sanalembedwe m'mabuku a mbiri anawasiya pa mbale ndi pa kaseti.

Chaka chomwe Simbaradzo inatuluka ndi chomwenso kulanda mafamu kunayamba. Kaya munthu aiona bwanji nkhani ya malo, choonadi n'chakuti antchito ambiri anachotsedwa m'makomboni mwadzidzidzi, ndipo ochepa okha ndi omwe anapatsidwa malo olima. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a machona obadwira m'Zimbabwe anapezeka kuti si nzika. Munthu wosamuka mothamanga amanyamula bulangete, mapoto ndi ana. Katoni ya mbale imatsala. Zomwe zinapulumuka zinakumana ndi chinyontho, makoswe ndi fumbi m'zisakasa za m'mbali mwa misewu. Pambuyo pake kukopera ma CD mwachinyengo kunagwetsa malonda a makampani monga Gramma Records ndi ZMC, omwe anajambula nyimbo zambiri za nthawi imeneyo.

Kuti nyimbo zotere zikhoza kupulumutsidwa taziona kale. Samy Ben Redjeb, mwini wa kampani ya Analog Africa ku Germany, anayambira ntchito yake ku Zimbabwe komweku. Anatolera ndi kutulutsanso nyimbo za Green Arrows ya Zexie Manatsa ndi za Hallelujah Chicken Run Band, gulu lomwe linabadwira pa mgodi wa kopa wa Mhangura ku Mashonaland West, momwe Thomas Mapfumo anayimbamo ali mnyamata. Anachita bwino, koma munthu mmodzi wochokera kutali sangatolere zonse. Za Macheso sizidzasowa. Zodetsa nkhawa ndi za timagulu ta m'mafamu tomwe tinajambula mbale yaing'ono imodzi kapena ziwiri n'kuzimirira, ndi makaseti ojambula pa maukwati ndi pa maliro, momwe muli Chichewa cha agogo omwe anachoka ku Dedza kapena ku Ntcheu asanamere ndevu.

Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wayilesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu m'chiyankhulochi. Maziko ndiye alipo. National Archives ya ku Harare ndi inzake ya ku Zomba zikhoza kugwirana manja, kutumiza anthu ku Mazowe, Shamva ndi Marondera kukatolera zomwe zatsala, kuziika mu kompyuta ndi kulemba mayina a oyimba eni ake adakali moyo.

Ndipo inu amene muli ndi katoni ya mbale kapena makaseti a malemu bambo kapena amalume omwe anakhalako ku Zimbabwe, musaitaye ku dzala. Ichotseni pansi, imikani mbalezo chilili pa malo ouma ndi pamthunzi, ndipo mufunse akuluakulu a pakhomopo kuti akuuzeni amene akuyimbamo.