Zinthu 7 zodabwitsa za nkhondo ya Mpezeni ya 1898

M'makomboni a Kitwe monga Kwacha, Chimwemwe ndi Buchi muli mabanja a Jere, Tembo, Zulu ndi Miti amene kwawo ndi kum'mawa. Njira imene inawafikitsa ku migodi inayambira pa nkhondo imodzi ya masabata ochepa chabe.

1. Mfumu inawoloka Zambezi ili mwana. Mpezeni anali kamnyamata pamene bambo ake, Zwangendaba, anawolotsa Angoni pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Bambowo atamwalira ku Ufipa, mtundu unagawikana. Mpezeni anayenda ndi gulu lake zaka zambiri asanakhazikike m'dziko la Ansenga, kufupi ndi kumene kuli Chipata lero.

2. Chinayatsa moto ndi golide wongomumva. Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, anapalana ubwenzi ndi Mpezeni n'kupeza chilolezo cha malo. Chilolezocho chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, yomwe inkakhulupirira kuti pansi pa midzi ya Angoni pali golide wochuluka. Nkhondo itatha, golide amene anapezeka anali wochepa kwambiri.

3. Wotsogolera impi, gulu la ankhondo a Angoni, sanali Mpezeni. Nkosi inali itakalamba ndipo sinkafuna kuthamangira nkhondo. Amene analimba mtima ndi mwana wake Nsingo pamodzi ndi anyamata a msinkhu wake, omwe anaona kuti Azungu akumanga malinga m'dziko lawo ngati eni ake.

4. Ochepa ndiwo anagonjetsa ochuluka. Angoni anali masauzande, pamene asilikali amene anabwera kudzamenyana nawo mu January 1898 anali mazana chabe. Koma nthungo ndi chibonga zimafuna kuti mdani umuyandikire, pamene mfuti zachiwaya za Maxim ndi mizinga zinkagwetsa anthu ali patali.

5. Ambiri oombera Angoni anali Aafirika anzawo. Gululo linachokera ku dziko limene lero ndi Malawi. Azungu anali ochepa, olamula okha. Onyamula mfuti anali asikali achikuda ndi Asikh ochokera ku India.

6. Mwana anaphedwa, bambo anasiyidwa ndi moyo. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi khoti la asilikali, n'kuomberedwa mu February 1898. Mpezeni anadzipereka ndipo anakasungidwa ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji. Anabwerera kwawo ufumu utatha mphamvu, namwalira mu 1900. Nc'wala, mwambo wolawa zakumunda zoyamba, unazima kuyambira pamenepo mpaka 1980, pamene unayambanso kuchitika. Lero umachitikira ku Mtenguleni mwezi wa February.

7. Bala lalikulu linali m'khola. Opambanawo analanda ng'ombe masauzande ambiri. Kwa Mngoni ng'ombe ndiyo inali malobolo, ulemu ndi chuma chonse. Patangopita zaka zochepa kunabwera msonkho wa nyumba, wofuna ndalama imene pamudzi panalibe. Amuna anayamba ulendo wapansi wopita ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia. Migodi ya mkuwa monga Nkana itayamba ntchito m'zaka za m'ma 1930, ana ndi zidzukulu zawo analowera kuno ku Copperbelt.

Choncho nkhondo ya 1898 si nthano ya ku Chipata kokha. Inasandutsa ankhondo kukhala antchito olipidwa pamwezi, ndipo mbiri ya mabanja ambiri a mu Kitwe ndi Ndola singamveke popanda iyo. Ngati kwanu kuli agogo ochokera kum'mawa, afunseni amene anayamba kuchoka pamudzi ndi chimene chinamuchotsa, mulembe adakali ndi moyo.