Maphunziro Apamwamba a Masamu ndi Physics Kwaulere

Kale munthu wofuna kuphunzira masamu apamwamba anayenera kupita ku dziko lina. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndi ya Copperbelt ku Kitwe mu 1987. Komabe mwamuna wolowa nchito ya usiku m'mgodi alibe mpata wokhala m'kalasi. Masiku ano masukulu ena akuruakuru a kunja aika maphunziro ao pa intaneti m'makanema, ndipo munthu ali yense wokhala ndi foni akhoza kuona ndi kumva aphunzitsi ao osalipira ngwee.

Sukulu yochuka pa nchito imeneyi ndi MIT ya ku Amereka, imene inatsegula MIT OpenCourseWare mu 2002. Phunziro liri lonse kumeneko liri ndi nambala yace: a masamu ayamba ndi 18, a Physics ndi 8. Wolemba "MIT 18.06" pa YouTube apeza Bambo Gilbert Strang alikuphunzitsa Linear Algebra pa bolodi ndi coko. Dziko la India nalo liri ndi NPTEL, imene inayamba mu 2003, m'mene muli maphunziro ambiri a uinjiniya, monga a magetsi ndi a migodi. Wopitirira kwambiri afune Bambo Leonard Susskind wa ku Stanford, amene maphunziro ace achedwa The Theoretical Minimum. Alipo ndiponso makanema 7 a Richard Feynman, ojambulidwa ndi BBC ku Cornell mu 1964.

Koma cobvuta ceniceni ndico kudziwa poyambira. Masamu afanana ndi kumanga nyumba: palibe mmisiri aika denga asanautse zipupa. Cotero wophunzira ayambe ndi Calculus, ndiyo 18.01 ndi 18.02, atsatire 18.06 ndi 18.03, ya Differential Equations. Pa Physics ayambe ndi 8.01, yonena za mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu, monga cikepe cotsika m'mgodi; pambuyo pace 8.02, ya magetsi ndi maginito. Wolumphira Quantum Physics, 8.04, asanadziwe zimenezi angotaya usiku wace cabe.

Caciwiri, kupenyerera sikuphunzira ai. Mnyamata angaone mmisiri wa magetsi caka cathunthu, koma sadziwa nchitoyo kufikira ataigwira ndi manja ace. Pa OpenCourseWare pali mafunso oyesera ndi mayeso akale, ena pamodzi ndi mayankho ace. Wanzeru aimitsa kanema, natenga kope ndi pensulo, nayesa samuyo yekha asanaone yankho. Anthu awiri kapena atatu a m'komboni imodzi akagwirizana kukomana pa Sabata ndi kuongolerana, sagwa ulesi msanga.

Za ndalama nazo ziyenera kuganiziridwa. Maphunzirowo ndi aulere, koma data si yaulere, ndipo kanema mmodzi atenga pafupifupi ora limodzi. Nkwabwino kutsitsa maonekedwe a cithunzi kufika pa 360p, kapena kukopera makanema pamalo pali Wi-Fi ndi kukaonera kunyumba. Pafupifupi onse ali m'Cingelezi, koma ambiri ali ndi mau olembedwa pansi, ndipo mphunzitsi wofulumira akhoza kubwezedwa m'mbuyo kawirikawiri osakwiya.

Potsiriza, OpenCourseWare sipereka satifiketi kapena digiri. Wofuna pepala loonetsa kwa kapitao ayenera kulembetsa mayeso pa sukulu yobvomerezeka. Koma wolowa mayesowo atayamba wadzikonza cotere alowa wosaopa. Akuruakuru anati kuona maso a nkhono nkudekha: phunziro limodzi lomalizidwa bwino liposa makumi awiri oyambidwa ndi kusiyidwa.