Mafilimu akale aja anatiphunzitsa kuloza chala ndani?

Ndinakulira kufupi ndi phiri la Nkhoma, ndipo kanema woyamba ndinamuonera pa Nathenje, m'kanyumba kamdima kofolera ndi malata akutha. Mwini wake anali ndi jenereta, deki ndi mabenchi angapo. Ana tinkakhala pansi kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999, mabanja ochepa okha kwathu ndi amene anali ndi wailesi yakanema yoyendera batire yagalimoto. Ambirife sukulu yathu inali vidiyo sho.

Poyamba kunali makarate ndi nkhondo basi. Kenaka kunabwera mafilimu a ku Nigeria, ndipo amayi nawo anayamba kulowa. Awiri amene sindiwaiwala ndi Glamour Girls ya mu 1994 ndi Domitilla ya mu 1996, imene anaikonza Zeb Ejiro. Mu Domitilla, Anne Njemanze anasewera ngati mtsikana wogulitsa thupi mumzinda wa Lagos, amene pambuyo pake akuimbidwa mlandu wa imfa ya mkulu wina wandale. Kwathu matepi ake anafika mochedwa, atatha kale, zithunzi zikunjenjemera, koma holo inkadzaza.

Mutaonera mafilimu angapo a mtundu umenewu, munkadziwiratu mathero. Mtsikana achoka kumudzi, afika m'tauni, avala kasiketi kakafupi ndi wigi, asuta fodya, aseka mokweza. Chakumapeto apezeka m'ndende, m'chipatala, m'manda, kapena atagwada pamaso pa abusa akulira. Ife tinkaombera m'manja. Wina kumbuyo amafuula kuti, "Wadya zake hule ameneyu!"

Nanga bambo uja wa galimoto, amene amatulutsa ndalama? Nthawi zambiri kamera imamusiya akubwerera kwa akazi ake, suti ili bwinobwino. Palibe amene ankamufuulira.

Azungu anali ndi bodza lawolawo. Mu Pretty Woman ya mu 1990, Julia Roberts akumana ndi mpondamatiki, Richard Gere, amene amugulira zovala n'kumuchotsa mumsewu. Kwa anzathu a ku Nigeria mkaziyo ankalangidwa, kwa azungu ankapulumutsidwa ndi mwamuna wachuma. Konseko sitinkamuona akuphikira ana, akulipira lendi kapena akuwerengera fizi.

Ine ndinamuona, koma sindinamuzindikire. Achemwali anga a kwa amayi aang'ono anasiyidwa ndi amuna awo ali ndi ana awiri. Munda unali wochepa, feteleza kunalibe. Anapita kukagwira ntchito m'bala ina m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo nyengo yogulitsa fodya ankasamukira ku Mitundu, kumene alimi amafika ndi ndalama m'thumba. Kumudzi aliyense ankadziwa, koma pamaso pawo palibe ankanena. Akabwera ndi shuga, sopo ndi mchere, tonse tinkalandira ndi manja awiri.

Tsiku lina, ndili Sitandade 7, anandituma kukatunga madzi. Ndinakana, ndipo ndinawaitana dzina la mtsikana wa mufilimu uja anzanga akumva. Onse anafa nacho chikhakhali. Achemwali sanandimenye. Anangoti, "Iwe, yunifolomu wavalayo wakugulira ndani?" Kenaka ananyamula chidebe n'kupita okha kumjigo.

Madzulo agogo anandiitanira kukhonde. "Mdzukulu wanga, mawu amenewa unawatola kuti?" Ndinati kuvidiyo. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuvidiyoko anakuonetsanso amene amapita kwa iwowo? Ena mumakhala nawo benchi imodzi Lamulungu."

Zaka zimenezo Edzi inali itavuta zedi. Maliro ankachitika mlungu ndi mlungu, ndipo mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Anthu ankafuna wina womuloza chala, ndipo mafilimu anatipatsa munthuyo atamuveka kale zovala zoti tisamuphonye. Sindikunena kuti uhule ndi ntchito yoti kholo liifunire mwana wake. Achemwali anga omwe ankanena kuti mwana wawo wamkazi asadzayerekeze. Ndikunena kuti nkhani inkafotokozedwa theka, ndipo theka losowalo ndi limene linali ndi amuna, njala ndi ana.

Maganizo amenewa sanathere m'vidiyo sho. Mu 2009, amayi 11 anamangidwa ku Mwanza n'kuyezedwa HIV mowakakamiza, zotsatira zake n'kuwerengedwa m'khothi anthu akumva. Mu 2015 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre linagamula kuti zimenezo zinaphwanya ufulu wawo. Mu 2016, kwa anansi athu ku Dedza, amayi 19 anagwidwa m'maresitihausi n'kuimbidwa mlandu wodya ndalama za uhule. Bwalo lalikulu ku Zomba linathetsa chigamulocho, ponena kuti gawo 146 la malamulo a milandu linalembedwa pofuna kulanga odyera amayiwa masuku pamutu, osati amayi eniakewo.

Opanga mafilimu athu nawo anayamba kuona mbali inayo. Mu 2017 Shemu Joyah anatulutsa The Road to Sunrise, nkhani ya Rubia ndi Watipa, amayi awiri oyendayenda a ku Blantyre. Mufilimuyi nkhanza za amuna zikuonekera poyera, ndipo amayiwo ali ndi abale, mantha ndi maloto ngati wina aliyense. Chaka chotsatira inapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice ngati filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa. Nditaionera ndinakumbukira chidebe chija.

Lero mavidiyo sho ambiri pa Nathenje amaonetsa mpira, ndipo ana athu amaonera mafilimu pafoni, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Makolo anzanga, musangofunsa ngati filimu ili ndi zolaula. Khalani nawo pansi, ikatha muwafunse kuti walangidwa ndani, ndipo wachoka osakhudzidwa ndani.

Achemwali anga ali moyo. Amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ndipo mwana wawo wamkazi ndi mphunzitsi. Chaka chatha ndinawapepesa za tsiku lija. Anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mwachedwa nazotu. Koma bwerani mudye nsima."