Nadzikambe wa m'phiri la Ntchisi: kanyama kosaluma koma kakusowa pokhala

M'nkhalango ya Ntchisi muli nadzikambe wamng'ono, wautali ngati chala, wa mchira waufupi ndipo amaoneka ngati tsamba louma. Katswiri wina, Arthur Loveridge, adamulemba m'mabuku a sayansi mu 1953, ndipo dzina lake, Rhampholeon nchisiensis, lidachokera ku phirili.

Nadzikambeyu sakwera mitengo italiitali. Masana amasaka tizilombo m'masamba ofota pansi, usiku nkugona pa timitengo tating'ono. Amafuna mthunzi ndi chinyezi, choncho mitengo ikadulidwa kapena moto wa osaka mbewa ukadutsa, alibe kothawira chifukwa sangawoloke munda wapadzuwa.

Padakalipano mtundu wa ku Ntchisiwu suli m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, koma zimene zidagwera mbale wake ku Nsanje ndi chenjezo. Nadzikambe wa Chapman, yemwe adadziwika mu 1992, amakhala m'mapiri a Malawi Hills. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2021 adaonetsa kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a nkhalango yake adatha kuyambira mu 1984. Bungwe la IUCN lidamuika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu zedi.

Ku Dowa ndi Ntchisi nako mitengo ikupita ndi makala, nkhuni, zigafa za fodya komanso minda yatsopano. Phiri likayera, madzi a mvula amangothamanga osalowa pansi, akasupe ndi zitsime nkuuma msanga. Pamenepo mabanja amayamba kutunga m'madambo, ndipo matenda otsekula m'mimba sachedwa.

Ambiri tidakula tikumva nthano yoti nadzikambe adachedwetsa uthenga wa moyo, buluzi nkumupitirira, ndipo ana ena amamugenda akangomuona. Zoona zake nzakuti alibe ululu uliwonse. Mwana akamugwira, asambe m'manja ndi sopo basi, chifukwa zokwawa zimatha kunyamula tizilombo ta Salmonella.

Makolo, uzani ana amusiye pomwe amupeza ndipo asayatse tchire. Mavolontiya a zaumoyo, pophunzitsa za madzi aukhondo tchulaninso za mitengo ya m'phiri, ndipo mukaona moto kapena owotcha makala m'nkhalango yotetezedwa, dziwitsani mfumu kapena ofesi ya zankhalango.